Ufulu Wosankha mu Mass Effect: Weniweni Kapena Wolembedwa Kale?

Mu 2007, kampani ya BioWare ya ku Edmonton, Canada, inatulutsa gemu ya Mass Effect. Wosewera amakhala Commander Shepard, msilikali woyendayenda pakati pa nyenyezi, ndipo amamusankhira zonena ndi zochita.

Mphamvu ya gemuyi yagona pa kusankhako. Pa dziko la Virmire, bomba latsala pang'ono kuphulika, anzake a Shepard, Ashley Williams ndi Kaidan Alenko, ali pangozi, koma Shepard angapulumutse mmodzi yekha. Wosiyidwayo amafa, osabwereranso m'gawo lachiwiri la 2010 ngakhale lachitatu la 2012. Mlanduwo wosewera amausenza yekha. Kulinso ma geth, maloboti amene atafunsa ngati ali ndi mzimu, a mtundu wa quarian omwe anawapanga anachita mantha n'kufuna kuwatha psiti. Kodi wopanga ali ndi ufulu wowononga chinthu chimene chayamba kuganiza?

Kufooka kwa gemuyi kulinso pa kusankha komweko. Khalidwe amaliyeza ndi mapointi, Paragon kwa achifundo, Renegade kwa ouma mtima, ngati kuti chabwino ndi choipa amachita kuziwerengera. Komanso njira zonse olemba anazilambula kale, zomwe zikukumbutsa mkangano wa zachipembedzo wa otsatira Calvin ndi Arminius: munthu amasankhadi, kapena zake zinakonzedweratu?

Mu 2012 osewera ambiri anakwiya ataona kuti mathero onse a gawo lachitatu akungofanana, kusiyana kwenikweni kuli mtundu wa kuwala: kofiira, kwabuluu, kobiriwira. Mu June chaka chomwecho BioWare inatulutsa Extended Cut yaulere, yofotokoza zotsatira za zosankhazo.