Lachitatu: Makalata a Yezebeli ndi Akulu a ku Yezreeli

Werengani 1 Mafumu 21:1-16. Kodi ndi anthu ati amene anatengapo mbali pa imfa ya Naboti?

Tikamawerenga nkhani iyi timafulumira kuloza chala Ahabu ndi Yezebeli. Komatu Yezebeli sanaponye mwala ngakhale umodzi. Iye anangolemba makalata m'dzina la mfumu, nawadinda ndi chidindo chake, nawatumiza kwa akulu ndi omveka a m'mudzi wa Naboti. Zotsalazo anazichita anthu amene ankamudziwa bwino Naboti, amenenso udindo wawo unali kuteteza osalakwa.

Naboti sanakane munda wake chifukwa cha mwano. Chilamulo chinati dziko ndi la Yehova, ndipo cholowa cha makolo sichinayenera kugulitsidwa mpaka kalekale (Levitiko 25:23, Numeri 36:7). Mfumu nayonso inali pansi pa chilamulo chomwecho (Deuteronomo 17:18-20).

Onani mmene akuluwo anasungira maonekedwe a lamulo. Analengeza kusala kudya. Anapeza mboni ziwiri, monga mmene Deuteronomo 17:6 amafunira. Anamuponya miyala kunja kwa mudzi. Ndondomeko yonse inatsatidwa, koma chilungamo munalibemo. Malinga ndi 2 Mafumu 9:26, ngakhale ana a Naboti anaphedwa.

Yerekezani akuluwa ndi Obadiya (1 Mafumu 18:3, 4) ndiponso asilikali a Sauli (1 Samueli 22:17). Kusiyana kwawo kuli pati?

Obadiya anali woyang'anira nyumba ya Ahabu yemweyo, koma anabisa aneneri 100 m'mapanga, nawadyetsa. Asilikali a Sauli anakana kupha ansembe a ku Nobu. Mantha amene anagonjetsa akulu a ku Yezreeli analiponso kwa anthu awa, koma iwo anaopa Mulungu koposa mfumu.

M'chaka cha 1948 bungwe la United Nations linalengeza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu woweruzidwa mwachilungamo ndiponso wosalandidwa katundu wake popanda chifukwa. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 amanena kuti mphamvu za olamulira zimachokera kwa anthu, ndipo anakhazikitsa ofesi ya Ombudsman yomva madandaulo a ochitiridwa zosalungama ndi akuluakulu a m'maofesi. Izi ndi zabwino. Koma Israyeli nayenso anali ndi malamulo abwino tsiku limene Naboti anaphedwa. Lamulo lolembedwa silipulumutsa munthu ngati kalaliki, wapolisi, mfumu ya m'mudzi kapena woweruza atsatira kalata yoipa mosafunsa.

Ambiri a ife sitidzakhala pa mpando wa Ahabu, koma tidzalandira makalata. Wina adzauzidwa kusaina chikalata chabodza, wina kusuntha malire a munda wa mkazi wamasiye. Pa chiweruzo mawu akuti "ndinangotumidwa" sadzatchinjiriza munthu, pakuti yense adzadziwerengera mlandu wake kwa Mulungu (Aroma 14:12). Ndipo Iye amene anatuma Eliya kukakumana ndi Ahabu m'munda momwemo sanaiwale magazi a Naboti.

Funso Lolingalira: Kodi pa udindo umene muli nawo, kuntchito, kumudzi kapena mumpingo, ndi lamulo lotani limene muyenera kulikana? Mwakonzeka kutaya chiyani chifukwa cha kukanako?