Kukonza Mjigo Usanafe ndi Chifuniro cha Mulungu

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito pa Mvera mu 1889 naphunzitsa kuti palibe chochitika kunja kwa chifuniro cha Mulungu, funso lakuti munthu angakonzerenji chinthu chimene sichinafe limafika pamtima penipeni pa chikhulupiriro. Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali m'Malawi momwemuno m'zaka za m'ma 1980, unapangidwa kuti anthu a m'mudzi azizula okha ndodo zake zachitsulo n'kusintha timphira tam'kati tisanathe, ndipo uku ndiko kukonza kopewa. Kukonza kolosera kumafuna khutu ndi diso, pakuti chogwirira chikayamba kugwedera, kapena ndowa ikamachedwa kudzaza, mmisiri amadziwa kuti tsiku la kufa kwa mjigo layandikira.

Wonena kuti zamawa n'za Mulungu salakwa, koma amaiwala kuti kuperepeseka kwa mphira kuli ndi dongosolo lake lodziwika, limene Mlengi yemweyo analiika m'chilengedwe. Komiti ya madzi yosonkhetsa ndalama mjigo ukadali wamoyo siikayika chisamaliro cha Mulungu, koma imateteza ana amene mjigo ukafa m'chilimwe amakamwa madzi akuda a kudambo.