Kodi makina angandichotsere mlandu?

M'buku la Levitiko, mutu 19 vesi 14, muli lamulo lalifupi limene ambiri timalidumpha pothamangira vesi 18 ya kukonda mnzathu. Limaletsa kutukwana munthu wosamva, limaletsanso kuika chopunthwitsa m'njira ya munthu wosaona, kenako limamaliza ndi kuopa Mulungu. Ine ntchito yanga ndi yopanga masamba a pa intaneti, ndimagwirira kuno ku Mitundu, ndipo Lamlungu ndimaphunzitsa a kalasi mu mpingo wathu wa CCAP. Vesi imeneyi imandisowetsa mtendere, chifukwa pa ntchito yangayi chopunthwitsa chimaikidwa mosavuta kwambiri, ndipo wochiikayo saona munthu akugwa.

A malume anga a ku Nathenje anasiya kuona ali mwana, ndipo zilembo za Braille anakaphunzira ku Malingunde. Lero ali ndi foni ya Android. Amayatsa TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini. Akaseseretsa chala kumanja, foni imatchula chinthu chotsatira. Akagogoda kawiri, chinthucho chimatseguka. Liwu lake analifulumizitsa moti ine sinditolapo kanthu, koma iwo amamva zonse uku akusenda chimanga. Tsamba likakhala lomangidwa bwino, amaliyenda ngati pabwalo pawo. Koma wolimanga akaiwala kupatsa batani dzina, foni imangonena kuti pali batani, osanena kuti ndi la chiyani. Lingakhale lotumizira ndalama, lingakhale lofufutira zonse zimene alemba.

Malamulo a momwe tsamba liyenera kumangidwira kuti aliyense aligwiritse ntchito alipo. Bungwe la W3C linawatulutsa koyamba mu 1999, ndipo amatchedwa WCAG. A WCAG 2.2 anatuluka mu 2023. Amanena zinthu zooneka ngati zazing'ono: chithunzi chikhale ndi mawu ochifotokoza, bokosi lililonse pa fomu likhale ndi dzina, mtundu wa zilembo usiyane ndi wa kumbuyo kwake pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Popeza malamulowo ndi ambiri ndipo munthu amatopa, anthu anapanga zida zoyesera tsamba pazokha. Pali axe ya kampani ya Deque, WAVE ya WebAIM ku Utah State University, Pa11y, ndiponso Lighthouse imene imabwera m'kati mwa Chrome ndipo imapereka malikisi kuchokera pa 0 kufika pa 100. Ine ndinazilumikiza ku ntchito yanga kotero kuti ndikangosintha kanthu pa tsamba, mayeso amayamba okha. Akapeza cholakwa, pamaoneka pofiira ndipo zosinthazo sizidutsa mpaka nditakonza. Zikakhala bwino, pamaoneka pobiriwira.

Funso langa lili pa kubiriwirako. Pakabiriwira, mtima umagwa pansi, munthu amatseka laputopu n'kupita kukadya. Kodi mtendere umenewo ndi woona? Kodi makina akanena kuti sindinalakwe, ndiye kuti mlandu wa Levitiko wandichoka?

Nyengo ya mvula itayandikira, bungwe lina logulitsa zipangizo za ulimi linaika mitengo ya feteleza ndi mbewu pa tsamba lake. Ndinaliyesa ndi Lighthouse chifukwa chongofuna kudziwa, ndipo linapeza 100. Ndinawauza a malume kuti nali tsamba labwino, adziwonere okha mitengo asanakwere minibasi. Madzulo anandiimbira.

"Mphwanga, tsamba limene umati lakhoza mayeso lija, bwanji likungondiuza kuti chithunzi, chithunzi? Chithunzi cha chiyani? Mtengo wa Urea uli pati?"

Ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona chimene chinachitika. Eni tsambalo anajambula pepala la mitengo ndi foni n'kuliika pamenepo, ndipo pamalo pofotokozera chithunzi analembapo liwu limodzi loti "chithunzi". Lamulo likuti pakhale mawu, mawu analipo, makina anakhutira. Panalinso china. Tsambalo linali la m'Chichewa, koma m'kati mwake linadzitchula kuti ndi la Chingerezi. Makina amangoona ngati chizindikiro cha chiyankhulo chilipo ndipo n'chovomerezeka. Kaya walemba en ya Chingerezi m'malo mwa ny ya Chichewa, iwo sakutsutsa. A malume tsiku limenelo anaitana mdzukulu wawo wa Sitandade 6 kuti awawerengere, monga ankachitira kale foni isanabwere.

Vuto silinali la tsamba limeneli lokha. Mu 2017 a Government Digital Service, nthambi ya boma la Britain, anamanga dala tsamba lodzaza ndi zopinga 143, n'kuliyesa ndi zida zodziwika bwino za nthawi imeneyo. Panalibe chida ngakhale chimodzi chimene chinapeza theka la zopingazo, ndipo zina zambiri sizinapezedwe ndi chida chilichonse. Sikelo ya pa msika wa Mitundu imakuuza moona kuti thumba ndi la makilogalamu 50. Sinama ayi. Koma kuti chimanga cha m'katimo chafumbwa ndi anankafumbwe, sikeloyo sidziwa, ndipo palibe wogula wanzeru amene amalipira asanapise dzanja m'thumbamo.

Tsono wina anganene kuti ngati zili choncho, zidazo tizitaye. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Kuyambira 2019 a WebAIM amayesa chaka ndi chaka masamba oyamba a mawebusaiti 1,000,000 otchuka kwambiri padziko, ndipo chaka chilichonse oposa 9 mwa 10 alionse amapezeka ndi zolakwa zimene makina omwewa amatha kuzigwira. Cholakwa chofala kuposa zonse ndi zilembo zosaoneka bwino, zotuwa pamwamba pa zoyera. Amene sanaimepo padzuwa la Okutobala akuyesa kuwerenga foni yong'aluka sikirini angaone ngati n'zachibwana. Kwa gogo amene akudikira opaleshoni ya ng'ala ku Nkhoma, kapena kwa munthu wachialubino amene maso ake amavutika ndi kuwala, kumeneko n'kutsekeredwa kunja. Anthu ambiri sanafike n'komwe pa gawo lochepa limene makina amaona, ndiye sindingayambe kunyoza makinawo.

Zimene zimandithandiza kuganiza bwino pa nkhaniyi ndi zimene ndimaphunzitsa ana a kalasi. Katekisima wa Heidelberg wa mu 1563, amene amishonale a Dutch Reformed oyambitsa Nkhoma ankamutsatira, amafunsa kumene munthu amadziwira tsoka lake, ndipo yankho limaloza ku chilamulo. Paulo naye, m'kalata yake kwa Aroma, amaphunzitsa kuti chilamulo chimazindikiritsa munthu tchimo koma sichimuyesa wolungama. Chilamulo n'chabwino, ndipo ntchito yake ndi kutsutsa. Vuto limabwera munthu akachisandutsa chiphaso cha chilungamo chake. Lighthouse ikandionetsa pofiira ndimaikhulupirira kotheratu, pakuti yandigwira ndi umboni. Ikandionetsa pobiriwira, yangonena kuti pa zochepa zimene imadziwa kufunsa sinapeze kanthu. Kubiriwira kumeneko si mawu a a malume.

Ndimadabwa ndi mmene vesi ya Levitiko ija imathera. Bwanji pa lamulo limeneli pafunike kutchula kuopa Mulungu? Rashi, mphunzitsi wachiyuda wa ku Troyes ku France, amene anamwalira mu 1105, anafotokoza kuti mawu otere amaikidwa pa zinthu zimene anthu ena sangathe kudziwa ngati wozichitayo anali ndi mtima wabwino kapena woipa. Wodziwa ndi mwiniwake ndi Mulungu basi. Zimenezi zikugwirizana ndendende ndi ntchito yathu. Wosamva sadziwa kuti watukwanidwa. Wosaona sadziwa amene anaika chitsa. A malume sadziwa dzina la munthu amene analemba "chithunzi" pa mitengo ya feteleza, ndipo sadzakamusumira kulikonse. Amangotseka tsambalo. Mwini wake amaona chiwerengero cha olowa pa tsamba, saona amene anabwerera pakhomo. Tsiku lina nkhani ikakhala ya ndalama, wosaonayo amakakamizika kuuza mwana wa eni nambala yake yachinsinsi, ndipo ulemu umene amataya pamenepo sulembedwa paliponse.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mabungwe monga FEDOMA ndi Malawi Union of the Blind akhala akutsekuladi zitseko kwa zaka zambiri. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la Disability Act mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lina latsopano m'malo mwake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Komabe mwambi umenewu sindifuna ukhale pobisalira ife opanga masamba, kuti tizidikira wovutikayo ayambe wadandaula. Mnzanga wina wa ntchito yomweyi ku Lilongwe anandiuza kuti, "Aise, makasitomala athu salipira zimenezo, iwo amangofuna tsamba lokongola." Akunena zoona, ndalama zake n'zochepa ndipo bandulo ndi yodula. Koma kulemba mitengo ngati mawu m'malo moijambula sikudya ndalama ina iliyonse. TalkBack ndi yaulere. NVDA, yowerenga mokweza pa kompyuta, ndi yaulerenso, ndipo anaiyambitsa mu 2006 ndi anthu awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh.

Pali chinthu chimodzi m'nkhani ya Bartimeyu, pa Marko 10, chimene chimandikhudza kuposa kuchiritsidwa kwake. Aliyense pa msewu wa ku Yeriko ankaona kuti munthuyo ndi wosaona, ndipo yankho linali lodziwikiratu. Komabe Yesu anaima, anamuitanitsa, n'kumufunsa chimene akufuna. Anamupatsa mpata wonena yekha. Makina sangachite zimenezi m'malo mwanga, chifukwa amayesa tsamba pomwe funsolo liyenera kupita kwa munthu. Ngakhale ine nditatsinzina n'kuyatsa TalkBack, ndimakhalabe munthu wodziwa kale pamene batani lililonse lili. A malume akayesa tsamba langa amapeza zimene sindikanaziganizira: kuti uthenga wonena kuti fomu yalakwika umatuluka pamwamba foni osautchula, kapena kuti nthawi yolembera imatha iwo asanafike pa bokosi lachitatu.

Inu anzanga opanga masamba, ndi inu a mabungwe amene mumatilemba ntchito, zida zija zilumikizeni, ndipo pofiira musapadumphe. Koma pa bajeti ya tsamba lililonse ikanipo ndalama ya munthu wosaona woti adzaliyese lisanatuluke. Mumulipire monga mumalipirira wojambula zithunzi, ndi thiransipoti yake yomwe. Kuchokera ku Nathenje kapena ku Mitundu kukafika m'tauni ndi ulendo wa minibasi imodzi.