Munthu amene sagwira chiwongolero

Pa mpikisano wa magalimoto wa rally, m'galimoto mumakhala anthu awiri, koma ambirife timadziwa dzina la mmodzi. Ine ndinatha zaka ndikutamanda Sébastien Loeb wa ku France, amene anakhala katswiri wa dziko lonse kwa zaka 9 zotsatizana, kuyambira 2004 mpaka 2012. Sindinkadziwa kuti nthawi yonseyo pambali pake pankakhala Daniel Elena wa ku Monaco, yemwe anapambana naye mipikisano 79. Nditadziwa, funso linandisowetsa mtendere: kodi munthu amene amathera moyo wake pa ntchito imene imatchukitsa mnzake, wadzinyenga?

Ntchito ya wolozera njira imayamba mpikisano usanayambe. Awiriwa amayenda kaye m'msewumo pang'onopang'ono, dalaivala akutchula zimene akuona, mnzakeyo akulemba m'kope: apa pakhota kumanzere, apa pali chitunda, apa pali mwala. Tsiku la mpikisano amawerenga zolembazo, mawu ake n'kumamveka m'chipewa cha dalaivala. Galimoto ikamakwera chitunda mwaliwiro, dalaivala saona chimene chili kuseri. Amaponda mafuta chifukwa chokhulupirira mawu a mnzake. Mnzakeyo akafulumira kapena kuchedwa kutchula khona, onse awiri agwera kuphompho.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Apa munthu walembedwa ntchito yotsina mnzake khutu tsiku lonse. Poyamba ndinkaganiza kuti ameneyu ndi wongothandiza, monga kondakitala wa minibasi. Koma amene akuwongolera galimoto ndani kwenikweni, mwini manja kapena mwini mawu amene manjawo akumvera?

Chimene chinandisintha maganizo ndi imfa. Pa 18 September 2005, pa mpikisano wa ku Wales, galimoto ya Peugeot imene ankayendetsa Markko Märtin wa ku Estonia inawomba mtengo mbali imene kunakhala womulozera njira, Michael Park. Park anamwalira ali ndi zaka 39. Loeb, amene ankatsogola, anadzipezera dala chilango cha nthawi kuti asapambane pa tsiku la maliro. Anthu amene amaidziwa ntchitoyi anaonetsa kuti wolozera njira si katundu wa m'galimoto. Ngozi amaisenza yonse, ngakhale kuti ulemu timamugawira wochepa.

Choncho sindikhulupirira kuti Elena kapena Park anadzinyenga. Kutchuka kumadalira maso a anthu amene ali kutali, ndipo maso amenewo saona zambiri. Kukhulupiridwa ndi munthu amene waika moyo wake pa mawu ako ndi chinthu china, ndipo sichibwera ndi mwayi. Umachipeza ponena zoona pa nthawi yake, khona lililonse, kwa zaka zambiri.

Komabe zimenezi sizitichotsera mlandu ife oonerera. N'chapafupi kuuza munthu kuti akhutire ndi kukhulupiridwa, ife tikupereka ulemu ndi ndalama zambiri kwa wina. Namwino amene amakumbutsa dokotala, mlembi amene amakonza zolankhula za bwana, mkazi amene amasunga kope la ndalama za golosale yotchedwa dzina la mwamuna wake, onsewa amaudziwa mpando umenewu. Ineyo ndikaona munthu akukwezedwa m'mwamba, masiku ano ndimafunsa dzina la amene ankamuwerengera njira, ndipo ndimalitchula.