Mwazi Ukafuula, Tigwire Yani?

Kuyambira mwezi wa Seputembala 1968 kufikira Malichi 1970, anthu a mu mzinda wa Blantyre sanali kugona tulo. Ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche, ndi m'madera ena ozungulira mzindawo, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, ndipo mitembo yambiri inapezeka itachekedwachekedwa. Miyezi inapita wakupha asanadziwike, ndipo posowa choonadi anthu anayamba kudya mphekesera. Yaikulu mwa izo inali yakuti boma lenilenilo linali kupopa mwazi wa anthu ndi kuutumiza ku South Africa pobweza ngongole. Pakuti masiku amenewo Malawi anali pa ubale ndi boma la tsankho la dzikolo, limene linakongoza ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe.

Nkhani imeneyi itiikira funso limene mbadwo uliwonse uyenera kuliyankha. Pamene mwazi wakhetsedwa, mudzi uli pa mantha, ndipo umboni sukukwanira, chabwino n'chiti: kulanga munthu amene tikumganizira, kapena kudikira, chinkana kudikirako kungachititse kuti wakupha aziyendayenda mfulu? Pakamwa ambiri a ife timayankha msanga kuti tidikire. Koma maliro akagwa pakhomo pathu, mtima umayankha zina.

Mmene Dziko Linayankhira

M'chaka cha 1969 amuna ena anazengedwa mlandu wokhudza imfa zimenezi ku Bwalo Lalikulu la milandu mu Blantyre, koma woweruza anawamasula chifukwa umboni unali woperewera. Anthu anapsa mtima kwambiri. Ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba kunamveka mawu odzudzula maloya oimira oimbidwa milandu, ndiponso malamulo a umboni amene anachokera ku Britain. Dr Hastings Kamuzu Banda mwini anaonetsa maganizo akuti kusowa kwa umboni sikutanthauza kuti munthu ndi wosalakwa. Chaka chomwecho lamulo linasinthidwa, ndipo mabwalo a miyambo, amene anthu ankawatchula kuti Traditional Court, anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha ndi kupereka chilango cha imfa. Ambiri a oweruza m'mabwalo amenewa anali mafumu, ndipo woimbidwa mlandu sanaloledwe kukhala ndi loya. Oweruza a ku Britain amene anali pa Bwalo Lalikulu anatula pansi udindo wawo.

Gomile Kumtumanji, amene anali nduna yoyang'anira Chigawo cha Kummwera, dzina lake linalumikizidwa ku imfazo. Anamangidwa, nakhala m'ndende pafupifupi zaka 20 kufikira imfa yake mu 1990. Mu Malichi 1970 apolisi anagwira munthu wina, Walla Laini Kawisa. Iyeyu anavomera zina mwa imfazo, koma mawu ake ovomera anali osiyanasiyana ndi otsutsana. Bwalo la miyambo linampeza wolakwa, ndipo ananyongedwa. Kupha kunaleka, komabe ambiri sanakhulupirire kuti munthu mmodzi yekha akanatha kuchita zonsezo, ndipo kufikira lero nkhani ya ku Chilobwe imakambidwa ngati mlandu wosatha.

Mkwiyo Wosayenera Kunyozedwa

Tisafulumire kuweruza anthu a masiku amenewo. Mayi amene waika mwamuna wake m'manda, kenaka n'kuona woganiziridwa akutsika basi ku Limbe atamasulidwa, sangatonthozedwe ndi mawu akuti lamulo latsatidwa. Kulira kwake n'kolungama. Malembo eni sapeputsa imfa ya munthu: mwazi wa Abele unafuula kwa Mulungu kuchokera m'nthaka (Genesis 4:10), ndipo pa Numeri 35:33 tiphunzitsidwa kuti mwazi wokhetsedwa umaipitsa dziko lonse. Mlaliki 8:11 atichenjezanso kuti chilango chikachedwa, mitima ya ochita zoipa imalimbirapo. Chotero mtundu umene suvutika pamene anthu ake akuphedwa ndi mtundu wodwala.

Komatu Miyambo 17:15 iika zinthu ziwiri pa muyeso umodzi: kumasula wolakwa ndi kutsutsa wosalakwa, zonsezo n'zonyansa pamaso pa Yehova. Ife timaona msanga kuipa kwa choyambacho, chifukwa chimatiopsa. Chachiwiricho timachipirira mosavuta, chifukwa chimagwera munthu wina. Tsono wosalakwa akanyongedwa, mwazi wa wophedwa uja sunabwezeredwe konse. Wakupha weniweni akadali moyo, apolisi atseka mabuku, ndipo nthaka yamwa mwazi wa anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Mtembo Wopezeka Kuthengo

Malamulo amene Mulungu anapatsa Israyeli anaiona kale nkhani yotere. Munthu sanayenera kuphedwa pa mawu a mboni imodzi (Numeri 35:30). Oweruza analamulidwa kufunsitsa, ndipo mboni yonama inalandira chilango chomwecho chimene inafunira mbale wake (Deuteronomo 19:15-19). Midzi isanu ndi umodzi yopulumukirako inaikidwa kuti wakupha munthu asafe ndi dzanja la wolipsa asanaime pamaso pa msonkhano.

Koma lamulo limene likhudza kwambiri funso lathu lili pa Deuteronomo 21:1-9. Mtembo ukapezeka kuthengo, wakupha osadziwika, akulu ndi oweruza ankayesa mtunda kufikira midzi yozungulira. Akulu a mudzi woyandikira ankatenga ng'ombe yaikazi yaing'ono imene sinagwirepo ntchito, napita nayo kuchigwa cha madzi oyenda chimene sichinalimidwe, naithyola khosi. Pomwepo, pamaso pa ansembe, ankasamba m'manja, nachitira umboni kuti iwo sanakhetse mwaziwo ndipo sanaone wokhetsa, napempha Mulungu kuti akhululukire anthu ake.

Taonani zinthu ziwiri m'lamuloli. Choyamba, imfa ya munthu ngakhale wosadziwika sinaloledwe kungopita chete. Akulu a mudzi anayenera kusiya ntchito zawo, kutaya chuma chawo, ndi kuyankha pamaso pa Mulungu. Chachiwiri, palibe munthu amene anagwidwa kuti mitima ikhale pansi. Mlendo wongodutsa, wamisala wa pamsika, kapena munthu wodedwa m'mudzimo sanaperekedwe. Inafa ndi ng'ombe. Mulungu analola anthu ake kunena poyera kuti sakudziwa, ndipo anawerengera kuvomera kumeneko kukhala kolungama koposa chiweruzo chongopeka.

Mbuna Sisankha Wogweramo

Mipanda yoteteza woimbidwa mlandu imaoneka ngati ikutchinjiriza chigawenga, kufikira tsiku limene ife tomwe tiifuna. Mabwalo amene anapatsidwa mphamvu chifukwa cha mantha a ku Chilobwe anakhalapo zaka zoposa 20, ndipo ntchito yawo sinathere pa zigawenga za usiku. Albert Muwalo, amene anali mmodzi wa anthu amphamvu kwambiri m'chipani cholamula, anaweruzidwa m'menemo mu 1977, nanyongedwa. Gwanda Chakuamba anapatsidwa zaka 22. Mu 1983 Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, ndi mkazi wake Vera, anaweruzidwa kuti aphedwe mu Blantyre momwemo, atakanizidwa loya ndi mboni zimene anazifuna. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu 1993. Mabwalowo anathetsedwa pamene dziko linasintha ndale mu 1993 ndi 1994. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife akhristu tili ndi chifukwa china choopera maganizo akuti wina aliyense alangidwe kuti mtundu upume. Amenewo ndiwo anali maganizo a Kayafa (Yohane 11:49, 50), amene anaona kuti imfa ya munthu mmodzi ndi mtengo wochepa wogulira mtendere wa mtundu. Mbuye wathu anaweruzidwa usiku, pa mawu a mboni zosagwirizana, ndipo Pilato anampereka poopa khamu. Sitingathe kulira pa mtanda Sabata m'mawa, n'kukafuula pamodzi ndi khamu lotere Lachiwiri.

Nanga Ife Lero?

Mwina tinganene kuti izi n'zakale. Koma mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, nifalikira kufikira mu Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Chileka m'mwezi wa Okutobala. Patapita zaka pafupifupi 50 chichitikireni za ku Chilobwe, nkhani yomweyo ya kupopa mwazi inaphanso anthu, ndipo ulendo uno panalibe ngakhale bwalo.

Khamu lotere silichokera kumwamba. Muli anthu a m'makwalala athu, ndipo ena mwa iwo ali ndi maina m'mabuku a mipingo. Pa Eksodo 23:1, 2 tiletsedwa zinthu ziwiri zoyenderana: kufalitsa mbiri yonama, ndi kutsata unyinji pochita choipa. Munthu amene watumiza kwa anzake uthenga wosatsimikizika pa WhatsApp, kapena wafuula kuti “wakuba!” mu msika wa Limbe asanaone kanthu, angathe kubwerera kwawo manja ali oyera, koma mwala woyamba waponya ndiye.

Mulungu Amene Amafunsa

Chitsanzo chachikulu ndi cha Woweruza wa dziko lonse. Iye adziwa zonse, komabe anayamba wafunsa Adamu, nafunsanso Kaini, asanapereke chilango. Mbiri ya Sodomu itamfika, anati atsike akaone ngati zili monga zamvekera (Genesis 18:20, 21). Danieli anaona bwalo la kumwamba litakhala pansi ndi mabuku atatsegulidwa pamaso pa angelo osawerengeka (Danieli 7:9, 10). Mulungu safuna mabuku kuti akumbukire. Awatsegula kuti zolengedwa zonse zione kuti chiweruzo chake chili ndi maziko. Ngati Wodziwa zonse afufuza asanaweruze, ife amene timaona mbali imodzi yokha tingadumphe bwanji kufufuza?

Chiweruzo chimenecho ndicho chitipatsa mphamvu ya kudikira. Makolo athu anati mlandu suwola, ndipo Mlaliki 12:14 atitsimikizira kuti zobisika zonse zidzafika pa bwalo. Aliyense amene analowa m'nyumba za ku Chilobwe usiku, aliyense amene anamtuma kapena kum'bisa, adziwika kumwamba, chinkana mboni zonse za pansi pano zitatha kufa.

Koma kudikira kumeneku si kupinda manja. Levitiko 5:1 anena kuti mboni imene yaona kapena kudziwa kanthu, nikhala chete poitanidwa, isenza mphulupulu yake. Milandu yambiri imagwa chifukwa odziwa aopa, abisa mbale wawo, kapena alandira kangachepe. Tsono ntchito yathu ndi iyi: kunena zimene taona, osaonjezera ndi osachotsera, kupereka woganiziridwa kwa apolisi ali wamoyo, kukumbutsa aulamuliro mosatopa za milandu imene yagona, ndi kukhala pafupi ndi amasiye pamene anthu a pamaliro abalalika. Mwazi wa wophedwa ufuna choonadi, ndipo choonadi chimapezeka ndi anthu odekha ndi olimba mtima.

Mafunso Okambirana

1. N'chifukwa ninji kumasula wolakwa kumatipweteka koposa kutsutsa wosalakwa? Kodi zimenezi zionetsa chiyani za mitima yathu?

2. Mutapezeka pamalo pamene khamu lagwira munthu woganiziridwa kuba kapena kupha, mungachite chiyani chimene chingapulumutse moyo wake popanda kukwirira mlandu?

3. Kodi mpingo wanu ungathandize bwanji banja limene mbale wawo anaphedwa, koma mlandu wake sunaweruzidwe?