Ndikanachita: msampha wa mneni umodzi

Usiku wina magetsi atathima, ndidakhala pa kandulo ndikuloweza mneni wa Chisipanishi, hacer, kutanthauza kuchita. Phunziro lake lidali la nthawi imene eni chiyankhulo amaitcha condicional: haría, harías, haría, haríamos, haríais, harían. M'Chichewa tingati ndikanachita, ukanachita, akanachita, mpaka kumapeto. Ndimayesa ndi galamala chabe, koma ndidakagona mtima uli myuu.

Taonani, awerengi. Aneni ambiri a Chisipanishi amangolandira -ía kumapeto osasintha thupi: hablar, kuyankhula, amakhala hablaría. Koma hacer amafota, tsinde lake n'kusanduka har-. Tsinde lomwelo ndi limene limapanga haré, ndidzachita. Choncho lonjezo ndi chowiringula ndi ana a bere limodzi, amasiyana kamchira kokha. Komanso haría yemweyo amatanthauza ine ndikanachita kapena iye akanachita. Ukapanda kutchula mwini, mawuwo saulula amene ali ndi ngongole.

Chidandilasa kwambiri ndi ichi. Munthu wa ku Madrid akati lo haría si tuviera dinero, ndikanachita ndikanakhala ndi ndalama, chitseko chikadali chotsekula, ndalama zitha kupezeka mawa. Zikatha zonse amanena mwina: lo habría hecho. Apo ndiye kuti madzi atayika. Ife timangoti ndikanachita konse kuwiri, ndipo mwina n'chifukwa chake sitimva chitseko chikamatsekeka.

Malume anga adadwala miyezi isanu kumudzi. Mayi ankanditumizira uthenga kuti, “Mwanawe, atsibweni ako akukufunsa.” Ine yankho lidali limodzi: ndikanabwera, Amayi, koma zinthu sizili bwino m'tauni muno. Kunena zoona, ya basi idalipo. Nkhani zanga ziwiri adandilipira, ndalamazo zidathera m'mabotolo ndi anzanga, tikukambirana zimene tikanachita tikanakhala nduna. Ndidapita ndithu kumudzi, koma kukanyamula bokosi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono kodi mneni wotereyu timutaye? Ayi ndithu. Popanda iyeyu palibe chifundo. Funso lakuti ¿qué harías tú?, iwe ukanatani, ndi limene limamuika munthu pamalo pa mnzake. Nkhoswe yabwino imaweruza nalo mlandu wa banja. Amene sanadzifunsepo kuti ndikanakhala ine ndikanamva bwanji, ameneyo ndi woopsa kuposa fisi.

Vuto ndi kumusandutsa nyumba yobisalamo. Ife atolankhani ndiye akatswiri. M'Chisipanishi muli mchitidwe wolemba mphekesera ndi nthawi imeneyi, kuti wolemba amuneneze munthu koma osasenza mlandu, ndipo buku la malamulo a kalembedwe la nyuzipepala ya El País limaletsa zimenezo. Kwathu kuno timangoti akuti, basi tasamba m'manja.

Andrés Bello, m'buku lake la galamala la 1847, adaitcha nthawiyi pospretérito, poona kuti imanena za m'tsogolo mwa zinthu zakale. Dijo que lo haría, adati adzachita. Chiganizocho chimathera pomwepo, sichitiuza ngati adachitadi. Ambirife mbiri yathu idzalembedwa choncho.

Muyeso umene ndadziikira ndi uwu. Ndikati ndikanachita, nditchule chimene chikundiletsa, ndipo chikhale choona. Ngati ndi ndalama, zingati? Ngati ndi nthawi, ola liti? Chopinga chikasowa dzina, ndiye kuti chopingacho ndine. Pamenepo ndi bwino kunena poyera kuti sindifuna, kusiyana ndi kumudyetsa mnzako chiyembekezo.

Azakhali, mkazi wa malemu uja, maso ayamba kuwavuta. Sabata yatha ndidadzimva ndikuyambanso kanyimbo kaja, ndikanapita. Ndatenga pensulo, ndafufuta -ía m'kope langa, ndalembapo -é. Loweruka ndikwera basi ya m'mamawa.