Kodi Bodza la M'mabuku a Chuma Ndi Tchimo la Yani?

Mphepo ya mwera ikayamba kuwomba mwezi wa June, asodzi a ku Malembo, ku Msaka ndi m'madooko ena oyandikana ndi Monkey Bay amakokera mabwato awo kumtunda, nakhala pansi kusoka maukonde. Pamapita masiku anayi kapena asanu osapha ngakhale usipa wodzaza mbale. Msodzi sadabwa nazo, pakuti adziwa kuti nyanja ili ndi nyengo zake. Koma alipo eni mabwato ena amene sakhala kunyanja. Ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo Loweruka lililonse amaimbira foni kapitawo wawo ndi funso limodzi lokha: ndalama zili kuti?

Kapitawo akatchula za mwera kawiri katatu, mwini bwato ayamba kunena zofuna munthu wina. Tsono kapitawo uja apita kwa mayi wogula nsomba, nalandiriratu ndalama za usipa umene ukali m'madzi, nazitumiza monga phindu la sabata imeneyo. Injini yofunika kukonza aisiya momwemo. Mwini bwato akondwa, natama kapitawo wake. Koma usipa wa sabata yamawa uli ndi mwini wake kale, ndipo kuti bodza loyamba lisaululike, kapitawo ayenera kugulitsiratu wa sabata inanso.

Zimene achita kapitawo wa padooko ndi zomwezo zidagwetsa Tongaat Hulett, kampani ya shuga ya ku South Africa ya zaka zoposa 100. Kufikira nthawi ya mavuto ake inali ndi minda ya nzimbe ku Natal, ku Xinavane ndi Mafambisse m'dziko la Mozambique, ndiponso ku Triangle ndi Hippo Valley m'dziko la Zimbabwe, dziko limene makolo ambiri a kuno adapitako kukafuna ntchito. Kampani yotere eni ake ndi anthu zikwizikwi ogula magawo pamsika wa ku Johannesburg, ndipo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse imayenera kuwauza phindu limene yapeza. Phindu likatsika, mtengo wa magawo utsika, mabanki ayamba kukayika, ndi mphotho za akuluakulu oyendetsa kampani zichepa.

Mu May 2019 kampaniyi idavomera poyera kuti mabuku ake a chaka cha 2018 adaonjezera chuma chake ndi marandi pakati pa 3.5 ndi 4.5 biliyoni, ndipo atawerenganso bwino chiwerengerocho chidakula koposa. Ofufuza a PwC adapeza kuti malo ena adalembedwa ngati ogulitsidwa malonda ake asanathe, nzimbe za m'munda zidapatsidwa mtengo woposa weniweni, ndipo ndalama zimene zidaonongedwa kale zidalembedwa ngati katundu wa kampani. Mwezi wotsatira malonda a magawo ake adaimitsidwa. Mu October 2022 ngongole zidaiposa mphamvu, niperekedwa m'manja mwa oipulumutsa, ndipo alimi ang'onoang'ono a nzimbe ku Natal, amene sadaonepo ngakhale tsamba limodzi la mabukuwo, adachedwa kulandira malipiro a nzimbe zimene adapereka kale.

Kuti wolemba nambala yabodza wachimwa, palibe mkhristu angakayike. Walakwira lamulo lachisanu ndi chitatu, pakuti buku la chuma ndi umboni, ndipo umboni wonama suleka kukhala wonama chifukwa chakuti walembedwa ndi manambala m'malo mwa mawu. Walakwiranso lachisanu ndi chiwiri, pakuti mphotho yolandira chifukwa cha phindu limene kulibe ndi chuma cha mwini, ndipo Eklezia aphunzitsa kuti tchimo lotere silitha ndi kulapa kokha popanda kubweza. Mantha otaya ntchito achepetsako kulemera kwa mlandu wa kalaliki wamng'ono amene adangouzidwa cholemba, koma sasandutsa bodza kukhala choona.

Chovuta chili kwa winayo, amene sadalembe kanthu. Mwini bwato adzati: “Ine sindidamtume kunama, ndidangofuna phindu langa, ndipo kufuna phindu si tchimo.” Anenadi zoona kuti si tchimo. Munthu woika chuma chake pantchito ayenera kuyembekeza zipatso, ndipo kapitawo waulesi sayenera kubisala kumbuyo kwa mwera. Komatu pali kusiyana pakati pa kufunsa kuti zinthu zayenda bwanji ndi kulamula yankho lisanaperekedwe. Amene adziwa kuti nyanja ili ndi mwera, kuti nzimbe zili ndi chaka cha chilala, koma nafuna kuti chiwerengero chikwere nthawi zonse, akufuna chinthu chimene chilengedwe sichingapereke. Bodza lokha ndilo lingachipereke. Ndipo akachotsa wonena zoona nakweza wobweretsa nambala yokoma, waphunzitsa antchito ake onse chimene ayenera kulemba, ngakhale pakamwa pake sipadatuluke mawu akuti “nama”. Aphunzitsi a Eklezia amawerenga munthu wotere pakati pa othandiza tchimo la mnzawo: wolamula, wosonkhezera, wotama, ndi wongokhala chete pamene anali ndi udindo wofunsa. Mlandu wake ukula malinga ndi zimene adadziwa, kapena zimene adasankha dala kusadziwa. Pamene phindu lidabwera m'sabata ya mwera, mwini bwato uja adaona nyengo yake, koma sadafune kufunsa kumene usipawo udachokera.

Nkhani imeneyi siithera kumakampani. Kumapeto kwa chaka katekisiti amatumiza kwa bambo mfumu chiwerengero cha akatekumeni, ndipo msungichuma wa mphakati amanena za mtulo. Katekisiti wa kumudzi wa m'mbali mwa nyanja adziwa kuti anyamata asanu ndi awiri adaleka kalasi napita kuchilimira. Akakumbukira kuti chaka chatha pamsonkhano adatamidwa ndi mnzake wa chiwerengero chachikulu, iye nafunsidwa pamaso pa anthu chifukwa chake mpingo wake sukula, cholembera chimaima pamaina asanu ndi awiri aja. Akawasiya m'kaundula, palibe amene adzatumidwa kudooko kukawafuna, chifukwa kuparishi adziwa kuti akali m'kalasi.